Mafunso ndi mayankho: kusankha SSD yaikulu, yodalirika ndiponso yosadya batire la laputopu

Anthu ambiri akafuna kugula SSD, chipangizo chosungira mafayilo mu kompyuta, amayamba ndi nambala yaikulu imene yalembedwa pa katoni, ya liwiro. Kwa ine nambala imeneyo imabwera pomaliza. Mu laputopu, SSD imakhala nthawi yambiri ili phee, ikudikira, pamalo opanikizika ndi otentha, ndipo chilichonse chimene ikudya chikuchokera m'batire. Choncho zoyenera kufunsa n'zakuti kodi ikwana pamalopo, imadya mphamvu yochuluka bwanji ikakhala chete, imatani ikatentha, ndiponso kodi ndi yeniyeni.

Laputopu yanga ingalandire SSD ya mtundu uti?

Yankhani funso limeneli musanatulutse ndalama. Pali mitundu itatu imene mungakumane nayo. Woyamba ndi wa mainchesi 2.5, kabokosi kafulati kamene kamalowa pamene pamakhala hard drive yakale, ndipo umalumikizana ndi kompyuta kudzera pa njira yakale yotchedwa SATA. Wachiwiri ndi M.2 ya SATA, wachitatu ndi M.2 ya NVMe. Iwiri yomalizayi ndi imene imasokoneza anthu, chifukwa maonekedwe ake ndi amodzi, timabolodi tating'ono tataliko, koma imalumikizana ndi kompyuta m'njira zosiyana. Masiloti (malo olowetsamo SSD) ena amalandira zonse ziwiri, ena NVMe yokha, ena SATA yokha. SSD ikhoza kulowa bwinobwino, kabauti n'kumangika, koma mukayatsa laputopu n'kupeza kuti siikuoneka paliponse.

Kumapeto kumene kuli timizere tagolide, ya SATA nthawi zambiri imakhala ndi timipata tiwiri, pamene ya NVMe imakhala ndi kamodzi. Chizindikiro chimenechi chimathandiza koma si chokwanira, chifukwa zilipo za NVMe za timipata tiwiri.

Palinso utali. Nambala ya 2280 ikutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, ndipo imeneyi ndiyo yofala kwambiri. Malaputopu ena amafuna 2242, ena 2230, monga Microsoft Surface ndi ena a Dell. Yaifupi mukhoza kuimangirira pamalo a yaitali pogwiritsa ntchito kachitsulo kowonjezera, koma yaitali siingalowe pamalo a yaifupi.

Tembenuzani laputopu, werengani nambala ya model yake, ndipo mufufuze buku lake pa intaneti. Lenovo ili ndi tsamba lotchedwa PSREF, Dell imatulutsa Service Manual, ndipo HP ili ndi Maintenance and Service Guide. Ngati laputopuyo munagula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi bwino kutsegula pansi n'kuona ndi maso, chifukwa model imodzi imatuluka m'mitundu ingapo. Dziwaninso kuti malaputopu ena sasinthidwa n'komwe. Mu MacBook zonse zokhala ndi purosesa ya Apple chosungira mafayilo n'chowotcherera pa motherboard, chimodzimodzinso malaputopu ambiri otchipa okhala ndi chosungira chotchedwa eMMC.

Ndamva za SSD ya mbali imodzi ndi ya mbali ziwiri. Zili ndi ntchito?

Zili ndi ntchito kwambiri kwa amene akufuna yaikulu. SSD ya mbali imodzi ili ndi matchipi pamwamba pokha, pansi pake ndi posalala. Ya mbali ziwiri ili ndi matchipi pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo m'malaputopu opyapyala mulibe mpata pansi pake. Mukaikakamiza ndi kabauti imapindika, ndipo kupindika kumeneko kumathyola polumikizira matchipi pakapita nthawi. Za 1TB ndi 2TB zambiri masiku ano ndi za mbali imodzi, koma pa 4TB muyenera kufunsa. Samsung 990 Pro ya 4TB ndi ya mbali imodzi, pamene WD Black SN850X ya 4TB ndi ya mbali ziwiri.

Ndigule yothamanga kwambiri imene ndingakwanitse?

Ayi. SATA imalekezera pafupi ndi 550 MB pa sekondi, NVMe ya PCIe 3.0 (PCIe ndi njira imene NVMe imadzera, ndipo nambalayo ndi m'badwo wake) pafupi ndi 3,500, ya PCIe 4.0 pafupi ndi 7,000, ndipo ya PCIe 5.0 imafika cha m'ma 14,000. Kuchoka pa hard drive kupita pa SSD iliyonse, kusiyana kwake mumakumva tsiku lomwelo. Kuchoka pa 3,500 kupita pa 7,000, ngati ntchito yanu ndi Word, Excel, intaneti ndi kuonera mavidiyo, simuona kanthu. Nambala zimenezi ndi za kukopera fayilo imodzi yaikulu, pamene Windows tsiku lonse imawerenga timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo pa ntchito imeneyo SSD zabwino zonse zimayandikana.

SSD ya PCIe 4.0 imagwira ntchito mu siloti ya PCIe 3.0 popanda vuto, kungoti imathamanga pa liwiro la silotiyo. Za PCIe 5.0 zoyambirira, monga Crucial T700 ya 2023, zimadya mawati opitirira 10 zikapanikizidwa ndipo zinapangidwira makompyuta apatebulo okhala ndi zoziziritsira. Zatsopano zachepetsako, komabe mu laputopu wamba palibe chimene mungapindule nazo.

Kodi SSD imasinthadi nthawi imene batire limakhala?

Imasintha, koma osati pamene anthu ambiri amaganizira. SSD ya NVMe ili ndi magawo angapo a kadyedwe ka mphamvu. Ikamawerenga kapena kulemba imadya mawati angapo. Ikangomaliza imayenera kugona, ndipo ikagona tulo tofa nato imadya mphamvu yochepa zedi. Tengani Samsung 990 Pro ya 2TB: kampaniyo imanena kuti pogwira ntchito imadya mawati pafupifupi 5.5, koma pa gawo lotsikitsitsa, lotchedwa L1.2, imadya mamiliwati 5 okha. Kusiyana kwake ndi kopitirira ka 1,000.

Munthu amene akulemba lipoti kapena kuwerenga pa intaneti amaidzutsa SSD kwa kamphindi, kenako imagonanso. Nthawi yochuluka ya tsiku imakhala ili m'tulo. N'chifukwa chake funso lalikulu ndi lakuti kodi imagona msanga, ndipo kodi imafikadi pa gawo lotsikitsitsalo mu laputopu yanuyo. Zimene zimalamulira zimenezi ndi ziwiri: APST, imene imalola SSD kudzitsitsa yokha, ndi ASPM, imene imagonetsa njira yolumikizira SSD ndi purosesa. Chimodzi chikalephera, SSD imakhala maso usana wonse.

Tiyerekeze ndi masamu osavuta. Batire la 50Wh mu laputopu imene ikudya mawati 6 limakhala maola opitirira pang'ono 8. SSD yosagona ikawonjezera wati imodzi yokha, maolawo amatsikira pafupi ndi 7. Ola lathunthu lapita popanda ntchito iliyonse imene mwagwira. Kwa wophunzira kapena wamalonda amene amadalira batire magetsi akathima, ola limenelo n'lofunika kuposa liwiro lililonse la pa katoni.

Pali mbali inanso. SSD imene imadya mawati ambiri koma n'kumaliza ntchito msanga ikhoza kudya mphamvu yochepa ponseponse kuposa yofooka imene imachedwa kumaliza. Choncho mukamawerenga mayeso a akatswiri, monga a Tom's Hardware kapena TechPowerUp, yang'anani nambala ziwiri: MB pa sekondi pa wati iliyonse, ndi mphamvu imene imadya ikakhala chete ASPM ili yoyatsa. Yachiwiriyi ndiyo yoyandikana kwambiri ndi moyo weniweni wa laputopu.

Nanga ndi ziti zimene zili ndi mbiri yosadya batire?

SK hynix Gold P31, imene inatuluka mu 2020, inatchuka chifukwa cha zimenezi, ndipo kwa laputopu ya PCIe 3.0 ndimaiikabe patsogolo ngati ikupezeka. Ndi ya TLC, ili ndi DRAM (mawu awiriwa ndawafotokoza m'munsimu), ndi ya mbali imodzi, koma imalekezera pa 2TB. Pa PCIe 4.0, WD Black SN770 ndi imene inabwera pambuyo pake, SN7100, ndi zopanda DRAM zimene zimadya pang'ono ndipo sizitentha kwambiri. Amene ntchito yake ndi yolemera, monga kukonza mavidiyo, angayang'ane SK hynix Platinum P41, Crucial T500 kapena Samsung 990 Pro. Kwa laputopu yakale ya SATA, Samsung 870 EVO ndi Crucial MX500 ndi zodziwika bwino.

Mayina amenewa musawatenge ngati malamulo. Zina zimasiya kupangidwa, zina zimasinthidwa m'kati dzina lili lomwelo. Chofunika n'kudziwa chifukwa chake zili pa mndandanda, kuti mukapeza dzina lina muliyeze ndi muyeso womwewo.

TLC ndi QLC n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani QLC imatchipa?

M'kati mwa SSD muli timaselo mabiliyoni ambiri tosunga mphamvu ya magetsi. Mu TLC selo iliyonse imasunga mabiti 3, kutanthauza kuti iyenera kusiyanitsa milingo 8 ya mphamvu. Mu QLC imasunga mabiti 4, milingo 16. Kupanikiza zambiri mu selo imodzi kumatsitsa mtengo wa terabayiti iliyonse, koma milingoyo imayandikana kwambiri, ndiye kulemba kumachedwa ndipo selo imatopa msanga.

Opanga amabisa kuchedwaku pogwiritsa ntchito gawo lina la SSD ngati polandirira mwachangu, pamene selo iliyonse imalembedwa biti imodzi yokha. Gawoli limatchedwa SLC cache. Zili ngati mphasa yoyala pakhomo pa nkhokwe: chimanga chimayamba chakhuthulidwa pamphasa mofulumira, kenako n'kumalowetsedwa m'nkhokwe pang'onopang'ono. Ngolo zikabwera zambiri motsatizana mphasa imadzaza, ndipo aliyense amayamba kudikira wolowetsayo. Liwiro lolembedwa pa katoni ndi la pamphasa. Cache ikadzaza, TLC yabwino imapitirizabe pa liwiro lopitirira 1,000 MB pa sekondi, pamene QLC zambiri zimagwera cha m'ma 100, liwiro la hard drive ya laputopu yakale. Choipa china n'chakuti SSD ikamadzaza cache imachepa, ndiye vutoli limakula pa nthawi yomwe mwayamba kuidalira kwambiri.

Sindikunena kuti QLC ndi yoipa. Ngati laputopu yanu ili ndi masiloti awiri ndipo mukufuna yachiwiri yosungira mafilimu, zithunzi ndi nyimbo, zinthu zolembedwa kamodzi n'kumangowerengedwa, QLC ya 4TB ndi yanzeru. Koma ngati SSD ndi imodzi yokha, ndipo Windows, mapulogalamu ndi ntchito yanu yonse zili momwemo, onjezerani ndalama mugule TLC. Chenjerani ndi mayina amene amasakaniza: WD Blue SN5000 ndi ya TLC mpaka 2TB, koma ya 4TB ndi QLC.

Yopanda DRAM ndi yosafunika?

Kale yankho linali losavuta, koma pano zimadalira mtundu. SSD imasunga mndandanda wosonyeza pamene chilichonse chili, ndipo DRAM ndi kachikumbutso kothamanga kosungira mndandandawo. NVMe zopanda DRAM zimabwereka kagawo kochepa ka RAM ya laputopu, njira yotchedwa HMB, ndipo pa ntchito za tsiku ndi tsiku zimayenda bwino. Zimakhalanso ndi tchipi imodzi yochepa yodya mphamvu ndi kutulutsa kutentha. SATA ilibe njira yobwerekayi, choncho SSD ya SATA yopanda DRAM imachita chibwibwi ikapatsidwa ntchito zambiri nthawi imodzi. Pa SATA funani ya DRAM, pa NVMe musade nkhawa pokhapokha ngati mumalemba mafayilo aakulu tsiku lonse.

SSD imatha pakapita zaka zingati?

Opanga amalemba nambala yotchedwa TBW, kuchuluka kwa materabayiti amene mungalembe warranty isanathe. Samsung 990 Pro ndi WD Black SN850X za 2TB zili ndi 1,200 TBW. Crucial P3 Plus ya 2TB, imene ndi QLC, ili ndi 440. Munthu wolemba 50GB tsiku lililonse, zomwe ndi zambiri kwa wogwiritsa ntchito wamba, amalemba materabayiti pafupifupi 18 pachaka. Pa mlingo umenewo 1,200 TBW ingatenge zaka zopitirira 60, ndipo 440 zaka zopitirira 20. Laputopu idzatha SSD isanatope.

Warranty ya SSD zabwino nthawi zambiri ndi zaka 5 kapena kufika pa TBW, chilichonse chimene chayamba kukwana. Mukaona ya zaka 3 zokha, wopangayo akukuuzani mmene akuidalirira.

Ngati sizitopa msanga, n'chifukwa chiyani zina zimafa mwadzidzidzi?

Chifukwa chimene chimapha SSD zambiri si kutopa kwa maselo. Ndi controller, kachipangizo kolamulira zonse, kapena firmware, pulogalamu ya m'kati mwake. Hard drive nthawi zina imachenjeza, imayamba phokoso kapena kuchedwa. SSD ikhoza kugwira ntchito bwinobwino usiku, m'mawa laputopu n'kunena kuti mulibe chosungira chilichonse.

Ngakhale makampani akuluakulu zimawachitikira. Kumayambiriro kwa 2023 zinadziwika kuti Samsung 980 Pro, makamaka za 2TB zokhala ndi firmware ya 3B2QGXA7, zinkatha kudzitseka n'kukana kulembedwa, ndipo kampaniyo inatulutsa 5B2QGXA7 yoteteza zimenezi. Nthawi yomweyo 990 Pro inkasonyeza kuti thanzi lake likutsika mofulumira modabwitsa, mpaka firmware yatsopano inatuluka mu February chaka chomwecho. Mu 2024, Windows 11 ya 24H2 itatuluka, makompyuta ena okhala ndi WD Black SN770 ndi WD Blue SN580 za 2TB ankangozima ndi sikirini ya buluu, ndipo mankhwala ake analinso firmware.

Pa nkhani zonsezi kampani inavomereza vuto n'kutulutsa chokonzera. Pamenepa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni pakati pa dzina lodziwika ndi SSD yopanda mwini: yopanda mwiniyo ikakhala ndi vuto lomwelo palibe amene adzalikonze. Ndimakonda makampani amene amapanga okha matchipi osungira zinthu otchedwa NAND, monga Samsung, SK hynix, Micron, Kioxia ndi SanDisk, chifukwa amadziwa chimene aika m'kati. Mukangoika SSD yatsopano, tsegulani pulogalamu ya wopangayo, monga Samsung Magician, muone ngati pali firmware yatsopano. Sungani mafayilo anu pena musanaiike, ndipo chaja ikhale yolumikiza.

Dzina likhoza kukhala lomwelo koma za m'kati zosiyana?

Inde. Mu 2021 Crucial P2 inasinthidwa kuchoka pa TLC kupita pa QLC, WD Blue SN550 inasinthidwa matchipi n'kuyamba kuchedwa cache ikadzaza, ndipo Samsung 970 EVO Plus inapatsidwa controller ina. Kingston NV2 imadziwika kuti za m'kati mwake zimasiyana katoni ndi katoni. Mukamawerenga mayeso, onani chaka chimene analembedwa, ndipo mufufuze ngati pamveka za kusintha kuchokera nthawi imeneyo.

1TB, 2TB kapena 4TB?

Werengani zimene muli nazo lero, muwirikize kawiri, ndipo mugule yoyandikira pamenepo. SSD imafuna malo opumira kuti izitha kusuntha zinthu ndi kufalitsa ntchito pa maselo onse mofanana, choncho yesetsani kusiya gawo limodzi mwa magawo asanu lili lopanda kanthu. Kwa anthu ambiri 2TB ndi pamene mtengo, kupezeka kwa za mbali imodzi ndi kulimba zimakumana bwino. Kukula kwa SSD sikuwonjezera kwenikweni mphamvu imene imadya ikagona.

Musadabwe Windows ikasonyeza 931GB pa SSD ya 1TB, 1.81TB pa ya 2TB, kapena 3.63TB pa ya 4TB. Palibe amene wakuberani. Opanga amawerenga m'ma 1,000 pamene Windows imawerenga m'ma 1,024. Koma pa 4TB pali msampha weniweni: kagawidwe kakale ka disiki kotchedwa MBR sikaona zopitirira 2TB. SSD iyenera kukhala ya kagawidwe katsopano ka GPT, ndipo laputopu iyenera kuyaka kudzera mu UEFI, njira yatsopano yoyatsira kompyuta. Izi zimakhudza makamaka amene akukopera Windows yakale kuchokera pa disiki ya MBR.

Buku la laputopu likanena kuti imalandira mpaka 1TB, nthawi zambiri limangotanthauza yaikulu imene kampaniyo inayesa kapena kugulitsa pa nthawiyo. Malaputopu ambiri a NVMe amalandira zazikulu kuposa pamenepo.

Kutentha kumaiwononga?

SSD zambiri zinapangidwa kuti zigwire ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 70. Ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha kuti izizire, ndiye mumaona kukopera kukuchedwa mwadzidzidzi. Mu laputopu SSD imakhala pafupi ndi batire kapena purosesa, mopanda mpweya wokwanira. M'miyezi ya October ndi November, m'madera ngati Nsanje ndi Chikwawa kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, imayamba ntchito ili yofunda kale. Apa SSD yodya mawati ochepa imapambananso, chifukwa mphamvu imene yadya ndi yomweyo imene imasanduka kutentha.

Musagule yokhala ndi heatsink (chitsulo choziziritsira) yaikulu, siikwana. Ngati laputopu inabwera ndi kachitsulo kophimba SSD kapena kamphira kofewa kotengera kutentha, kabwezereni pamalo pake mukamaliza. Chotsani fumbi pa fani, ndipo musagwiritse ntchito laputopu pa bulangeti kapena pa matiresi.

Ndingadziwe bwanji kuti SSD ndi yeniyeni?

Mtengo ndiwo chenjezo loyamba. SSD ya 4TB yogulitsidwa pa mtengo wa 512GB ndi yabodza, palibe zokambirana. Achinyengo amatenga kachikumbutso kakang'ono n'kukasintha kuti kaziuza kompyuta kuti ndi kakakulu. Poyamba zonse zimaoneka bwino, mafayilo amalowa, mayina awo amaoneka. Malo enieni akadzaza, zatsopano zimayamba kufufuta zakale mwakachetechete, ndipo mumadzazindikira tsiku limene mwatsegula chithunzi n'kupeza kuti sichitseguka. Palinso zomatidwa chizindikiro cha kampani yotchuka pamene m'kati muli zotchipa, mpaka zina zimalembedwa mayina a model amene kampaniyo sinapangepo.

Musanaikemo chilichonse chofunika, iyeseni. Pa Windows pali H2testw, pa Linux ndi Mac pali f3. Mapulogalamu amenewa amadzaza SSD yonse kenako n'kuwerenga zimene alemba. Pa SSD yaikulu zimatenga maola, koma ndi njira yokhayo yotsimikizira kukula kwake. Tsegulaninso CrystalDiskInfo muone dzina, nambala ya siriyo, maola amene yayakapo ndi kuchuluka kwa zimene zalembedwamo. Yatsopano iyenera kusonyeza pafupifupi ziro musanayambe mayeso anu, choncho ndi bwino kuyang'ana nambalazi poyamba. Samsung Magician imanenanso ngati SSD ya Samsung ndi yeniyeni.

Gwirizanani ndi wogulitsa musanalipire kuti mukaiyesa n'kulephera mubweza, ndipo lisiti likhale ndi nambala ya siriyo. Ngati mukutuma m'bale wanu ku Johannesburg kapena ku London, mutumizireni dzina lonse la model ndi kukula kwake, agule m'sitolo yodziwika, ndipo asunge lisiti. Warranty nthawi zambiri imayendera dziko limene munagula, ndiye ikadzavuta idzafunika kubwerera komweko.

Yogwiritsidwapo kale ntchito ndingagule?

Mungagule ngati mwaona nokha nambala zake mu CrystalDiskInfo ndipo mtengo watsikadi. SSD zochotsedwa m'malaputopu a m'maofesi nthawi zambiri zimakhala ndi moyo wambiri wotsala. Kumbukirani kuti zilibe warranty, ndiponso kuti anthu ena amadziwa kufufuta nambalazo kuti yakale ioneke yatsopano.

Kuthimathima kwa magetsi kungaiwononge?

Laputopu ya batire labwino ndi yotetezeka, chifukwa magetsi a ESCOM kapena ZESCO akathima batire limapitiriza. Ngozi ili pa malaputopu amene batire linafa kalekale ndipo amangoyendera chaja. Magetsi akathima SSD ili m'kati molemba, mukhoza kutaya fayilo imene imalembedwayo, ndipo mwa apo ndi apo mndandanda wa m'kati umasokonekera SSD yonse n'kusiya kuoneka. SSD za m'maseva zili ndi ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi pang'ono, omalizitsa kulemba magetsi akathima, koma zogulitsidwa kwa anthu wamba zambiri zilibe chitetezo chokwanira chotere. Ngati batire lanu linafa, ndalama zoyamba zipite ku batire, SSD ya 4TB idikire.

Ndisamutse bwanji Windows ndi mafayilo anga?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kukopera disiki yonse monga ilili. Mumaika SSD yatsopano m'kabokosi ka USB, n'kugwiritsa ntchito Clonezilla, Rescuezilla kapena pulogalamu ya wopanga SSD, kenako n'kusinthanitsa. Mukamaliza, kuzani gawo la C kuti litenge malo onse, apo ayi SSD ya 2TB izioneka yaing'ono ngati yakale ija. Yachiwiri ndi kuika Windows yatsopano kuchokera pa flashi, ndipo ndi imene ndimalimbikitsa ngati yakaleyo inali yodzaza ndi zosafunika.

Zinthu ziwiri zimagwetsa anthu. Choyamba ndi BitLocker, loko wa Windows wokhoma disiki. Malaputopu ambiri amabwera atakhomedwa kale mwini wake asakudziwa, ndipo mukasintha zipangizo amafunsa kiyi ya manambala 48. Ipezeni mu akaunti yanu ya Microsoft ndi kuilemba papepala musanamasule kabauti kalikonse. Chachiwiri, pa malaputopu ambiri a Intel kuyambira m'badwo wa 11, poika Windows SSD siioneka chifukwa cha VMD, njira ya Intel yoyendetsera ma SSD. SSD siinafe. Ikani driver ya Intel RST pa flashi yomweyo, kapena zimitsani VMD mu BIOS, pulogalamu yoyamba kuyaka mukayatsa laputopu, musanayambe.

Potsegula laputopu, izimitseni kwathunthu, chotsani chaja, ndipo mukatsegula yambani mwazula waya wa batire. SSD ya M.2 imalowa chopendekera, kenako mumaitsitsa n'kumanga kabauti mosalimbitsa kwambiri.

Ndaika yatsopano, koma batire layamba kutha msanga. Chavuta n'chiyani?

Dikirani kaye masiku angapo. Windows ikangoikidwa imakhala yotanganidwa ndi kudzikonza, kulemba mndandanda wa mafayilo ndi kukhoma disiki, ndipo SSD siipeza mpata wogona. Vuto likapitirira, lowani mu Power Options, pansi pa PCI Express, muone ngati Link State Power Management ili pa Maximum power savings laputopu ikakhala pa batire. M'malaputopu ena atsopano gawoli n'lobisika chifukwa amadziyendetsa okha. Mu pulogalamu ya wopanga SSD zimitsani chilichonse cholonjeza liwiro lathunthu nthawi zonse, chifukwa ntchito yake ndi kuletsa SSD kugona. Ikaninso BIOS ndi firmware zatsopano. Lamulo la powercfg /batteryreport limatulutsa lipoti lokuthandizani kuyerekeza masiku akale ndi a pano, ndipo pa Linux powertop imasonyeza chimene chikudya mphamvu.

Nthawi zina SSD ndi laputopu zimangokhala kuti sizigwirizana pa nkhani ya kugona, ngakhale zonse zili zabwino pazokha. N'chifukwa chake musanagule ndi bwino kufufuza dzina la laputopu yanu pamodzi ndi dzina la SSD, muone zimene eni ake anakumana nazo.

Ndikagula yodalirika, ndikufunikabe kusunga mafayilo kwina?

Mukufunika, ndipo mwina kuposa kale. SSD ikafa, kupulumutsa mafayilo n'kovuta ndi kodula kuposa pa hard drive, chifukwa controller ndi imene imadziwa pamene chilichonse chili, ndipo zambiri zimasunga zinthu mobisa. Ngakhale fayilo yofufutidwa mwangozi imavuta kubweza, chifukwa lamulo la TRIM limauza SSD kuti iyeretse malowo. Pamene SSD ikukula, zimene mungataye tsiku limodzi zikuchulukanso. Khalani ndi kope pa hard drive yakunja, ndipo zofunika kwambiri, monga zolemba za kusukulu ndi mabuku a bizinesi, zikhalenso pa intaneti kapena m'nyumba ina. Laputopu ikabedwa, chikwama chimapita ndi zonse zimene zinali momwemo.

Musadalirenso SSD yongoikidwa m'kabati kwa zaka. Maselo amataya mphamvu pang'onopang'ono akakhala opanda magetsi, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Muyeso wa bungwe la JEDEC umafuna kuti SSD ya anthu wamba imene yafika pa malire a TBW yake isunge zinthu kwa chaka chimodzi pa madigiri 30 ili yozima. Yatsopano imasunga nthawi yaitali kuposa pamenepo, komabe zithunzi za ukwati ndi za ana zikhale ndi kope lina.

Yakale ija nditani nayo?

Isungeni monga ilili kwa milungu ingapo, mpaka mutatsimikiza kuti yatsopano ikuyenda bwino ndipo palibe fayilo yotsala. Kenako igulireni kabokosi ka USB kogwirizana ndi mtundu wake, SATA kapena NVMe, isanduke chonyamulira mafayilo chothamanga kuposa flashi wamba. Ngati mukufuna kuigulitsa kapena kupatsa wina, kufufuta mafayilo kapena kuchita format yachangu sikokwanira. Gwiritsani ntchito Secure Erase kapena Sanitize, imene imapezeka mu pulogalamu ya wopangayo kapena mu BIOS ya malaputopu ambiri a Lenovo, Dell ndi HP.